Windows XP m'kati mwa Windows 10: mmene ndimakonzera pa makompyuta akaunjika

Anthu ambiri amene amandifunsa za nkhaniyi sikuti amafuna maphunziro a zamakompyuta ayi. Amakhala kuti chinthu chimodzi chawatsekera ntchito. Wina ali ndi sikana yakale imene ikujambulabe bwinobwino, koma driver wake, kapulogalamu kothandiza kompyuta kuiyendetsa, anathera pa Windows XP. Wina wakhala zaka zambiri akulembera katundu wa m'shopu mu pulogalamu imene tsopano ikukana kutseguka pa Windows 10. Palinso ana a sukulu amene auzidwa kuti aphunzire Linux, pomwe laputopu pakhomo ndi imodzi yomweyo, ya bambo, ndipo akangoyerekeza kufufutamo Windows ndiye kuti aputa mlandu. Onsewa ndimawachitira chinthu chimodzi: ndimaika sisitimu yachiwiri m'kati mwa imene ilimo kale, n'kumatseguka pa windo lake ngati mmene imatsegukira pulogalamu ina iliyonse.

Chimachitika n'chakuti pulogalamu ina imapatula kagawo ka RAM, ka purosesa ndi ka hadi disiki, n'kupanga kompyuta yongoyerekezera imene timaitcha virtual machine. Sisitimu imene inalimo kale ndi mwininyumba, yobwerayo ndi mlendo, ndipo mlendoyu sabwera ndi kamba. Chilichonse chimene akudya chikuchokera m'mbale ya mwininyumba. Pa kompyuta yatsopano ya RAM yambiri palibe amene amadandaula, koma pa makina akaunjika amene ambirife tili nawo, a Core 2 Duo kapena Core i5 yoyambirira ija, nkhani yonse yagona pamenepa. Ndiye lamulo langa ndi ili: mlendo akhale wopepuka kuposa mwininyumba, ndipo abwerere ntchito imodzi yodziwika. Amene akufuna kuika Windows 11 m'kati mwa kompyuta imene ikuvutika kale ndi Windows 10 ndimamuuza pachiyambi pomwe kuti asataye bandulo yake.

Yambani mwaona zimene kompyuta yanu ili nazo

Musanatsitse chilichonse, dinani Ctrl, Shift ndi Esc pamodzi kuti Task Manager itseguke, mupite pa Performance. Pa Memory muona RAM yonse ndi imene yatsala. Onani imene yatsalayo mutatseka browser, chifukwa imeneyo ndi imene mungagawe. Ngati kompyuta ili ndi 4 GB, XP ikwanamo popanda vuto, komanso Linux yopepuka ikwanamo mothinana. Ngati ili ndi 8 GB, muli pabwino. Ngati ili ndi 2 GB ndipo ikuyendera Windows 10, lekani, ndifotokoza kumapeto zimene mungachite m'malo mwake.

Kenako dinani pa CPU, muyang'ane m'munsi chakumanja pamene alemba Virtualization, mphamvu ya purosesa yothandiza kuyendetsa mlendo. Pakakhala Enabled, mwapulumuka ntchito ina. Pakakhala Disabled, purosesa ili nayo mphamvuyo koma inazimitsidwa mu BIOS, malo osinthira makonzedwe a makina amene mumalowamo Windows isanadzuke. Mphamvu imeneyi a Intel amaitcha VT-x ndipo anayamba kuiika m'mapurosesa ena mu 2005, pomwe a AMD anabwera ndi yawo, AMD-V, mu 2006. Vuto ndi loti kwa zaka zingapo a Intel sankaiika m'mapurosesa onse. Core 2 Duo E8400 ili nayo, koma Core 2 Duo E4500 ilibe, ngakhale kuti sitika ya pa bokosi ndi yofanana. Choncho musamakhulupirire sitika. Lembani nambala yonse ya purosesa, mukaifufuze pa tsamba la Intel. Amene muli pa Linux lembani grep -E 'vmx|svm' /proc/cpuinfo mu terminal, ndipo pakatuluka mizere ndiye kuti ilipo.

Kuyatsa mu BIOS si kovuta, chovuta n'kupeza pamene anaibisa. Zimitsani kompyuta, muiyatsenso muli kudina batani lolowera: pa Dell ndi F2, pa HP ndi F10, pa ThinkPad ndi F1. Fufuzani mawu akuti Virtualization Technology kapena VT-x, pa makina a AMD nthawi zambiri amalemba SVM Mode. Pena amakhala pansi pa Security, pena pa Advanced, ndipo pa ma Dell ambiri ali ndi mutu wawo wa Virtualization Support. Ikani Enabled, sungani, kenako zimitsiranitu kompyuta kwa kamphindi m'malo mongopanga restart, chifukwa makina ena akale samva kusinthako mpaka magetsi atachokamo. Zina zonse za mu BIOS zisiyeni mmene zilili, makamaka pamene alemba za SATA, poti mukasintha pamenepo Windows ikhoza kukana kudzuka.

Musathamangire VirtualBox yatsopano

Ine ndimagwiritsa ntchito VirtualBox. Ndi yaulere, fayilo yake ya Windows ndi ya ma MB opitirira 100, ndipo safunsa akaunti. Inayambitsidwa ndi kampani ya ku Germany yotchedwa innotek, imene a Sun Microsystems anaigula mu 2008, ndipo a Oracle atagula Sun mu 2010 pulogalamuyi inakhala yawo mpaka lero. VMware Workstation nayo ndi yabwino, ndipo chiyambire 2024 salipiritsa, koma pa makina otopa ndimakonda VirtualBox chifukwa zotulutsa zake zakale zikupezekabe pa virtualbox.org, pa tsamba la older builds.

Zakalezo n'zofunika chifukwa chake nachi. Masisitimu alipo a mitundu iwiri, 32-bit ndi 64-bit, ndipo VirtualBox 5.2 ndi yomaliza imene imalowa pa mwininyumba wa 32-bit. Kuyambira 6.0, imene inatuluka mu Disembala 2018, pamafunika sisitimu ya 64-bit. Kenako 6.1 itabwera mu Disembala 2019, anachotsamo njira yoyendetsera mlendo popanda VT-x kapena AMD-V. Ndiye ngati purosesa yanu ndi ngati E4500 ija, 6.1 ndi 7 sizikuthandizani ngakhale mutaziika kangati. Tengani 6.0 kapena 5.2, ndipo mlendo wanu akhale wa 32-bit basi. Ngati mwininyumba ndi Windows 7, pitaninso pa 5.2 kapena 6.0. Ngati muli ndi Windows 10 ya 64-bit ndipo VT-x yayaka, 6.1 kapena 7 ndi zabwino, kungoti 7 imayamba yafuna Microsoft Visual C++ 2019 Redistributable isanalole kulowa. Tsitsirani limodzi pamene muli pa intaneti, kuopa kukafika kunyumba n'kupeza ikukana.

Dziwani kuti zakalezi sazikonzanso zikapezeka ndi zibowo. N'chifukwa china chimene ndimaletsera mlendo kulowa pa intaneti, monga muonere kutsogoloku.

Kupanga makinawo

Tsegulani VirtualBox, dinani New, lembani dzina. Mukalemba Windows XP imazindikira yokha mtundu wake. Ngati pa mndandanda wa mitundu mukungooneka za 32-bit zokhazokha, ndiye kuti VT-x sinayake, bwererani ku BIOS, pokhapokha ngati purosesa yanu ilibiretu mphamvuyi.

Pa RAM m'pamene anthu amalakwitsa chifukwa cha chifundo. Amaganiza kuti kumupatsa mlendo zambiri ndiye kuti athamanga. XP inatuluka mu 2001, nthawi imene a Microsoft ankati 128 MB ndi yokwanira. Ipatseni 512 MB, ikhuta. Ngati pulogalamu yanu ndi yolemerako, 1 GB. Kupitirira apo mukungolanda Windows 10, imene ikayamba kusowa RAM imatembenukira ku hadi disiki, ndipo zikatero zonse ziwiri zimakwawa, kagetsi ka disiki kali ngwee osazima. Windows 7 ya 32-bit imafuna osachepera 1 GB malinga ndi a Microsoft, ndiye pa kompyuta ya 4 GB ndimaipatsa 1.5 GB. Kamzere kosankhira RAM kali ndi mbali yobiriwira ndi yofiira. Musafike kofiira, ndipo pa makina akale ngakhale kumapeto kwa kobiriwirako n'kutali kale.

Purosesa ipatseni imodzi ngati kompyuta yanu ili ndi ma core awiri. Mukapereka onse awiri, mwininyumba amasowa popumira.

Pa hadi disiki sankhani VDI, ndiponso dynamically allocated, kutanthauza kuti fayiloyo imayamba yaing'ono n'kumakula mukamaikamo zinthu. XP ndimaipatsa 10 GB, kapena 20 GB ngati mudzasungamo zambiri. Kumbukirani kuti fayiloyi imakula koma sibwerera yokha mukafufuta zinthu m'katimo. Zimene VirtualBox yasankha yokha pa Storage zisiyeni. XP imapatsidwa IDE dala, chifukwa CD yake ilibe driver wa SATA, ndipo mukasintha idzakuuzani kuti sikuona disiki iliyonse.

Tsopano mufunika sisitimu yeniyeniyo, pa CD kapena ngati fayilo ya ISO, imene ndi CD yonse yokoperedwa m'fayilo imodzi. Pitani pa Settings, Storage, dinani kachizindikiro ka CD kopanda kanthu, musankhe ISO yanu kapena choseweretsa CD cha kompyutayo, kenako Start. Kuchokera apa zonse zimayenda ngati mukuika pa kompyuta yeniyeni. Ikafunsa zopanga format musachite mantha, disiki imene ikuona ndi fayilo ya VDI ija, mafayilo anu a pa Windows 10 sakukhudzidwa. XP imafuna kiyi yake ndipo imapereka masiku 30 kuti muipange activate, ndiye kiyiyo ikhale pafupi. Ma ISO osinthidwasinthidwa amene amayenda m'mafulashi, a mayina okometsera aja, ine sindiwakhudza. Simudziwa chimene anathiramo.

Mbewa ikalowa m'windo la mlendo n'kukana kutuluka, dinani Ctrl ya kudzanja lamanja. Ma laputopu ena aang'ono alibe batani limeneli, choncho lisintheni pa Preferences, Input musanayambe.

Guest Additions, kenako zitseko

Sisitimu ikangomaliza kulowa, sikirini imakhala yaing'ono ndipo mbewa imadumphadumpha. Musaweruze msanga. Pamwamba pa windo dinani Devices, kenako Insert Guest Additions CD image, muike pulogalamu imene itulukeyo m'kati mwa mlendo: ndi ma driver a VirtualBox othandiza mlendo kugwirizana ndi mwininyumba. XP idzadandaula kangapo kuti driver sanayesedwe, inu dinani Continue Anyway. Mukayatsanso, sikirini imatambasuka molingana ndi windo, mbewa imalowa ndi kutuluka yokha, ndipo mukhoza kugawana foda.

Apa ndiye pamene ndimakhala wouma mtima. A Microsoft anasiya kukonza XP pa 8 Epulo 2014, ndipo Windows 7 anaisiya pa 14 Januwale 2020. Vayirasi ya WannaCry itabuka mu Meyi 2017 inkalowa m'makompyuta kudzera pa netiweki popanda munthu kudina kanthu, mpaka a Microsoft anachita kutulutsa chigamba chapadera cha XP imene anali ataisiya kale. Sikana yanu sifuna intaneti. Pulogalamu ya katundu wa m'shopu sifuna intaneti. Ndiye pitani pa Settings, Network, muchotse chizindikiro pa Enable Network Adapter. Phindu lina ndi loti mlendo sangadyenso bandulo yanu mwakachetechete.

Mafayilo azidutsa pa khomo limodzi lokha. Pangani foda yatsopano pa Windows 10, mwachitsanzo yotchedwa Mlatho, muionjezere pa Settings, Shared Folders, n'kuchonga Auto-mount. Mu XP idzaoneka ngati disiki ya pa netiweki, ndipo ikapanda kuoneka lembani net use x: \\vboxsvr\Mlatho mu Command Prompt. Zimenezi zimagwira ntchito ngakhale netiweki mwaizimitsa, poti zimadzera mu Guest Additions. Musagawe drive C yonse kapena Documents yonse chifukwa cha ulesi. Vayirasi imene yalowa mwa mlendo imatha kulemba paliponse pamene mwamutsegulira. Ngati mlendo akungofunika kuwerenga mafayilo, chongani Read-only.

Za sikana ndi pulinta: zilumikizeni pa USB, kenako dinani Devices, USB, musankhe dzina la chipangizocho. Chimachoka kwa mwininyumba n'kupita kwa mlendo, ndipo XP imalira kaphokoso kake kaja kosonyeza kuti yaona chinthu chatsopano. Pamenepo ikani driver wakale uja. Mu VirtualBox 5.2, 6.0 ndi 6.1 mumabwera USB 1.1 yokha, imene ndi yochedwa kwambiri pa sikana. Kuti mupeze USB 2.0 pamafunika fayilo yoonjezera yotchedwa Extension Pack, ya nambala yofanana ndendende ndi VirtualBox yanu. Extension Pack imeneyi ili ndi laisensi yake, yaulere kwa wogwiritsa ntchito payekha kapena pa maphunziro koma osati pa bizinesi, choncho a m'mashopu ndi m'maofesi werengani kaye. Kuyambira 7.0 ya mu 2022, USB 2.0 ndi 3.0 zinalowa mu pulogalamu yeniyeniyo, ndipo ichi n'chifukwa chabwino chosankhira 7 ngati kompyuta yanu ikuilola. Kwa XP sankhani USB 2.0, chifukwa 3.0 saidziwa. Ngati chipangizocho muzichigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku, chipangireni filter pa Settings, USB, kuti chizingopita chokha kwa mlendo. Amene mwininyumba wanu ndi Linux, ikani dzina lanu m'gulu la vboxusers, apo ayi mndandanda wa USB uzingokhala wopanda kanthu.

Chimene sichitheka ndi makadi olowa m'kati mwa bokosi, a PCI aja. Mlendo sawaona. Makina akale olumikiza pa serial port amatheka kudzera pa Settings, Serial Ports, koma ena amavuta. Masewera a 3D mu XP nawo iwalani.

Magetsi akazima

Kwathu kuno nkhani iyi sitingaidumphe. Disiki yonse ya mlendo ndi fayilo imodzi, ndipo magetsi akazima ili m'kati molembedwa ikhoza kuwonongeka yonse. Laputopu ya batire lamoyo ili ndi mwayi. Pa kompyuta ya pa desiki yopanda UPS, batire lija logwirizira magetsi akazima, muzitseka mlendo mukangomaliza naye ntchito, osamusiya akuyenda tsiku lonse.

Mukadina X ya pa windo, VirtualBox imakupatsani zosankha zitatu. Send the shutdown signal ndiko kuzimitsa mwaulemu. Power off the machine n'chimodzimodzi kuzula pulagi, muzichita pokhapokha zitauma. Save the machine state imasunga zonse mmene zilili kuti mudzapitirize pomwepo, ndipo pa XP ya 512 MB imatenga timasekondi towerengeka. Ine ndimakonda imeneyi masana, koma madzulo ndimazimitsa kwenikweni.

Mukamaliza kuika zonse, driver walowa, sikana yajambula pepala loyamba, zimitsani mlendo n'kutenga snapshot imodzi, kutanthauza kusunga mmene mlendo alili pa nthawiyo. Zikadzasokonekera mudzabwerera pa tsiku limeneli ndi kudina kumodzi. Koma kubwererako kumafufuta zonse zimene zinalembedwa m'katimo pambuyo pake, ndiye ntchito yanu izisungidwa mu foda yogawana ija, osati pa Desktop ya XP. Musaunjike ma snapshot ambiri, amadya malo ndipo amachedwetsa disiki. Ndiponso snapshot imakhala pa hadi disiki yomweyo, disikiyo ikafa zapitira limodzi. Chosungira chenicheni ndi File, Export Appliance, imene imakupatsani fayilo imodzi ya OVA. Ikopereni pa fulashi yabwino kapena disiki yakunja. Kompyuta ikadzafa, mudzangopanga Import pa ina, XP yanu n'kudzuka ndi mapulogalamu ake onse, ngakhale mwina idzafunsenso activation poona kuti purosesa yasintha.

Zikamachedwa

Yang'anani pansi pa windo la mlendo, chakumanja. Mukaona kakamba kobiriwira m'malo mwa chilembo V, ndiye kuti Hyper-V, pulogalamu ya Windows yoyendetsera ma virtual machine, yatenga kale VT-x ndipo VirtualBox ikudutsira mwa iyo, n'chifukwa chake ikukwawa. Pitani pa Turn Windows features on or off, muchotse zizindikiro pa Hyper-V, Virtual Machine Platform ndi Windows Hypervisor Platform. Onaninso Memory integrity pansi pa Core isolation mu Windows Security, poti nayonso imayatsa Hyper-V mobisa. Imeneyi ndi chitetezo, ndiye ganizani kaye musanaizimitse pa kompyuta imene mumalowera ku banki.

Ngati kakambako palibe koma zikuchedwabe, kawirikawiri wolakwa ndi hadi disiki. Masisitimu awiri akulimbirana singano imodzi ya disiki yozungulira ija. Munthu akandifunsa chogula ndi ndalama zochepa, ndimati SSD ya SATA, disiki yachangu yosazungulira, poyamba, RAM pambuyo, pokhapokha ngati RAM ili pansi pa 4 GB. ThinkPad T420 ya mu 2011, ya Core i5, itaikidwa SSD ndi 8 GB ya DDR3, imanyamula XP ndi Linux yopepuka osatuluka thukuta. Dziwaninso kuti Windows ya 32-bit imangoona RAM yopitirira pang'ono 3 GB ngakhale mutaikamo yochuluka bwanji. Ndipo mupemerere fumbi mu fani. Mwezi wa Okutobala purosesa yotentha imadzichepetsera liwiro yokha, inu n'kumanamizira VirtualBox.

M'kati mwa XP, pitani pa System Properties, Advanced, Performance, musankhe Adjust for best performance. Chotsani screensaver ndi Automatic Updates, imene ilibenso kokatenga kanthu. Pa Settings za VirtualBox musakhudze Enable I/O APIC mutaika kale Windows, chifukwa ikhoza kukana kudzuka.

Kwa ofuna Linux, ndi kwa amene zonsezi sizikuwayenera

Mwana wa sukulu uja njira yake ndi yomweyi, kusiyana kwake ndi posankha. Ubuntu ya masiku ano ndi yolemera kwa mlendo wa pa 4 GB. Tengani Linux Mint ya Xfce kapena Lubuntu muipatse 2 GB, kapena antiX imene imakhutira ndi zochepa kwambiri ndipo ikadali ndi mtundu wa 32-bit wa iwo amene alibe VT-x. Ngati cholinga ndi kuphunzira malamulo a mu terminal, ikani Debian popanda desktop, 512 MB ikwana. Linux yatsopano ikulandirabe zigamba, ndiye iyo ilekereni netiweki pa NAT mmene VirtualBox yaikira.

Mukhozanso kutembenuza zinthu. Windows 10 inasiyidwa pa 14 Okutobala 2025, ndipo makina a Core 2 Duo ndi ma Core i5 oyambirira sali pa mndandanda wa Windows 11. Ndiye ena ndimawaikira Linux Mint kukhala mwininyumba woyenda pa intaneti, Windows yakale n'kukhala mlendo wotsekeredwa ndi pulogalamu yake imodzi ija. Kwa amene ntchito yawo yambiri ili mu browser, ndimaona kuti iyi ndiyo njira yabwino koposa.

Pulogalamu ikakhala ya DOS, yakuda bii ya zilembo zokhazokha ija, musavutike ndi XP yonse. Windows ya 64-bit siyendetsa mapulogalamu a 16-bit, koma DOSBox ndi ya ma MB ochepa chabe ndipo imawatsegula, ndipo mphukira yake ya DOSBox-X imathandizanso pa zosindikiza. Amene muli ndi 2 GB ya RAM ndipo simungaonjezere, lembani Linux pa fulashi pogwiritsa ntchito pulogalamu ya Rufus, muyatse kompyuta kuchokera pa fulashiyo: F12 pa Dell ndi ThinkPad, F9 pa HP. Linux idzagwiritsa ntchito RAM yonse payokha, Windows ya pa hadi disiki osakhudzidwa bola musadine Install, ndipo mukazula fulashi n'kuyatsanso, laputopu ya bambo idzadzuka mmene anaisiyira.